Wofunafuna ndi Wongodutsa: Malonda pa Google ndi pa Facebook

M'mwezi wa Malichi 2012, kampani ya eBay, imene ili ndi msika waukulu wa pa intaneti ku America, inachita chinthu chimene akatswiri ambiri otsatsa malonda akanati ndi misala. Inasiya kulipira mauthenga amalonda amene ankatuluka pa Yahoo ndi pa MSN munthu akalemba dzina loti eBay pofufuza. Kwa zaka zambiri kampaniyi inkalipira nthawi iliyonse munthu akadina pa uthenga wotere, ndipo malipoti ankasonyeza kuti odinawo ankaguladi katundu wochuluka. Zinkaoneka zachidziwikire kuti mauthengawo akazima, ogula achepa.

Sanachepe. Akatswiri atatu a zachuma, Tom Blake, Chris Nosko ndi Steven Tadelis, atawerengera bwinobwino anapeza kuti mwa anthu 1,000 alionse amene kale ankalowera pa uthenga wolipirawo, pafupifupi 995 anafikabe pa eBay. Anangotsitsa maso pang'ono n'kudina pa dzina lomwelo limene linali m'munsi mwake, pa mayankho aulere. Munthu amene walemba kale dzina la sitolo amakhala atadziwa kumene akupita, ndipo eBay inkangolipira kuti ilandire makasitomala ake omwe.

Ena akamva nkhaniyi amafulumira kunena kuti ndalama zopita ku makina ofufuzira ngati Google n'zotaya, bola Facebook. Kumeneko n'kuimva molakwika. Phunziro lake likukhudza njira zonse ziwiri, koma kuti lioneke bwino mpofunika kudziwa kaye mmene iliyonse inabadwira, chifukwa zinabadwa kuti zigwire ntchito zosiyana.

Nzeru yogulitsa malo pa mayankho a ofufuza sinachokere ku Google. Anaitchukitsa ndi Bill Gross wa ku Pasadena, ku California, amene mu 1998 anatsegula GoTo.com. Pa tsamba lakelo, mawu amene anthu amalemba pofufuza ankagulitsidwa pa okushoni. Wotchula mtengo wokwera ndiye ankakhala pamwamba, ndipo ankalipira pokhapokha munthu akadina. Mitengo inkayambira pa senti imodzi. Chaka chomwecho Larry Page ndi Sergey Brin, adakali ophunzira pa yunivesite ya Stanford, analemba pepala lofotokoza za Google, mmene anachenjezamo kuti makina ofufuzira odalira ndalama za otsatsa malonda adzakondera otsatsawo n'kuiwala anthu ofufuza. Chenjezolo silinakhalitse. Mu Okutobala 2000 iwo omwe anatsegula AdWords, imene lero imatchedwa Google Ads, ndi makasitomala 350 okha, ndipo mu Febuluwale 2002 anatengera njira ya Gross ya okushoni ndi kulipira pa kudina. Kampani ya Gross, imene inali itasintha dzina kukhala Overture, inakasuma kukhoti. Yahoo inagula Overture mu 2003 pa madola oposa 1.6 biliyoni, ndipo mlanduwo unatha mu 2004 Google itapereka masheya ake ena kwa Yahoo.

Google inawonjezera chinthu chimodzi chimene Gross analibe. Kukhala pamwamba sikudalira mtengo wokha, kumadaliranso ngati anthu amadinadi pa uthengawo ndiponso ngati ukugwirizana ndi zimene akufuna. Tiyerekeze kuti masitolo awiri akulimbirana mawu oti matayala a galimoto. Woyamba watchula masenti 80 koma uthenga wake ndi wozizira, anthu amangoudumpha. Wachiwiri watchula masenti 50 koma walemba mtengo wa matayalawo, saizi yake ndi dera limene sitolo ili, ndipo anthu amadinapo kawirikawiri. Wachiwiriyu akhoza kukhala pamwamba. Komanso salipira zonse zimene watchula, amangolipira zokwanira kuti apose amene ali pansi pake. Okushoni yotere imachitika mwatsopano nthawi iliyonse munthu akafufuza, tsamba lisanamalize n'kutseguka komwe.

Chimene wotsatsa amagula pamenepa ndi cholinga cha munthu. Wolemba kuti akufuna pulambala mapaipi ataphulika usiku wanena yekha vuto lake, nthawi yake ndi malo ake. Palibe chomunyengerera, chofunika n'kupezeka basi. N'chifukwa chake mawu ena ndi odula koopsa. Ku America, kudina kumodzi pa mawu okhudza maloya a ngozi kapena inshulansi kumatha kupitirira madola 50, ndipo maloyawo amalipira mosanyinyirika chifukwa mlandu umodzi umabweza zonse. Mu 2023, mauthenga amalonda a pa Google Search ndi masamba ena ofanana nawo a kampaniyi anabweretsa madola 175 biliyoni.

Koma njirayi ili ndi malire amene ndalama sizingasunthe. Google singagulitse anthu ofufuza amene kulibe. Ngati pa mwezi anthu 200 okha ndi amene amafufuza chinthu chimene munthu akugulitsa, ngakhale atathira ndalama zochuluka bwanji, sadzaposa anthu 200 omwewo. Ndipo ngati chinthucho n'chatsopano, chimene anthu sakudziwa n'komwe kuti chilipo, palibe amene angalembe dzina lake.

Kumayambiriro kwa 2012, anthu ochepa kwambiri ndi amene ankafufuza kampani yotumiza malezala ometera ndevu kunyumba mwezi ndi mwezi. Amuna a ku America ankangogula a Gillette m'sitolo, akudandaula chamumtima za mtengo. Mu Malichi chaka chimenecho, Michael Dubin wa Dollar Shave Club anaika pa YouTube kanema wanthabwala wa mphindi imodzi ndi theka, amene anamujambula ndi madola pafupifupi 4,500. Anthu anagawana kanemayo pa masamba a mchezo, ndipo m'masiku awiri oyamba maoda 12,000 analowa. Mu 2016 Unilever inagula kampaniyi pa mtengo umene unamveka kuti ndi madola 1 biliyoni. Mwayi wotere sugwera aliyense, ndipo ambiri amene ayesa kutengera kanemayo angotaya nthawi. Chimene nkhaniyi ikuonetsa n'chakuti pali malonda amene ayenera kudzutsa chilakolako mwa munthu amene sankaganizako n'komwe zogula.

Amene anayendapo pa basi mu msewu wa M1 amaidziwa ntchito imeneyi. Munthu amene walowa mu hadiweya n'kufunsa misomali ya mainchesi anayi wabwera ndi cholinga chake, ndipo wogulitsa amangofunika kukhala nayo pa shelefu. Koma basi ikaima pa Lizulu, palibe amene anakwera n'cholinga chogula tomato kapena mbatatesi. Ogulitsa amakweza mabeseni pawindo, maso amagwera pa tomato wofiira bwino, ndipo dzanja limapita lokha m'thumba. Google ndi hadiweya ija, Facebook ndi windo la basi.

Facebook inatsegula dongosolo lake lalikulu la malonda mu Novembala 2007, ndipo mu Malichi 2008 Mark Zuckerberg analemba ntchito Sheryl Sandberg, amene anachokera ku Google komwe ankayang'anira gawo logulitsa malonda a pa intaneti. Sandberg ankaidziwa bwino mphamvu ya kumene anachokera, ndipo sanafune kulimbana nayo pa bwalo lake. Mfundo imene ankauza amalonda inali yakuti Google imakwaniritsa zofuna zimene munthu ali nazo kale, pamene ndalama zambiri zotsatsira malonda padziko lapansi, za pa wailesi, pa TV ndi pa zikwangwani, zimapita ku ntchito ina, yochititsa munthu kufuna chinthu. Ntchito yachiwiriyi ndi imene Facebook inaloza.

Chuma cha Facebook n'chakuti imamudziwa munthu ngakhale asanafunse kanthu: zaka zake, kumene amakhala, masamba amene amatsatira, makanema amene amaonera mpaka kumapeto ndi amene amangowadutsa. Mu 2012 inayamba kulola wamalonda kulowetsa manambala a foni kapena ma imelo a makasitomala ake kuti mauthenga aziwafikira iwowo, ndipo mu 2013 inawonjezera njira yopezera anthu ena ofanana ndi makasitomalawo. Chaka cha 2012 chomwecho inagula Instagram pa madola 1 biliyoni, kenako WhatsApp mu 2014 pa madola pafupifupi 19 biliyoni. Kampani yonseyi, imene kuyambira 2021 imatchedwa Meta, inapeza madola pafupifupi 135 biliyoni mu 2023, ndipo pafupifupi 98 pa 100 alionse anachokera ku malonda.

Kufikira anthu 1,000 pa Facebook nthawi zambiri n'kotsika mtengo, koma anthuwo sanabwerere zogula. Abwera kudzaona zithunzi za ukwati, zotsatira za mpira ndi mikangano ya ndale. Uthenga wamalonda umapikisana ndi zonsezi, ndipo chala chikadutsa, chadutsa. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika powerengera mtengo. Pa Google mizere itatu ya mawu ikhoza kugwira ntchito chaka chathunthu osasinthidwa. Pa Facebook, Instagram kapena TikTok chithunzi chimatopetsa anthu pakangopita milungu yochepa, mtengo wofikira wogula mmodzi n'kuyamba kukwera, ndipo pamafunika china chatsopano. Wojambula, katundu wooneka bwino, ndi munthu woyankha mafunso a m'munsi mwa chithunzi, onse ndi mbali ya mtengowo ngakhale salembedwa pa risiti ya Meta. N'chifukwa chake zovala, zakudya, mipando, tsitsi ndi malo opumulirako zimayenda bwino kumeneku, pamene wopopa zimbudzi kapena wokonza mafiriji amavutika kupeza chithunzi choimitsa chala cha munthu.

Palinso vuto lina lakuti luso la Facebook lodziwa anthu limadalira zipata za eni ena. Mu Epulo 2021 Apple inasintha iPhone kuti pulogalamu iliyonse izipempha kaye chilolezo isanatsatire zimene munthu akuchita m'mapulogalamu ena. Anthu ambiri anakana. Mu Febuluwale 2022 mkulu wa zachuma ku Meta, David Wehner, ananena kuti kusinthaku kudyera kampaniyo madola pafupifupi 10 biliyoni chaka chimenecho. Amalonda ang'onoang'ono ambiri amene anamanga bizinesi yawo yonse pa Facebook anangoona mauthenga awo akusiya kugunda pamene ankagunda kale, iwo asanalakwitse kalikonse. Google Search sinagwedezeke motero, chifukwa sifunika kulondalonda munthu kuti idziwe zimene akufuna. Amalemba yekha.

Funso lovuta kwambiri pa zonsezi ndi lodziwa ngati ndalama zabweradi ndi phindu, ndipo pamenepa makampani onse awiri amadziwerengera okha mamalikisi. Tiyerekeze mayi wina waona nsapato pa Instagram Lolemba, wadinapo koma sanagule, ndipo dzina la sitolo lamukhala m'mutu. Lachinayi walemba dzinalo pa Google, wadina pa uthenga wolipira, wagula. Lipoti la Google lidzati wogulayu ndi wathu. La Meta likhoza kunenanso chimodzimodzi chifukwa anadinako. Nsapato zagulidwa kamodzi, koma malipoti akhoza kusonyeza kawiri. Ndipo ngati mayiyo anali kasitomala wakale amene akanabwera ndithu, onse awiri akudzitamandira ndi ntchito imene sanagwire.

Akatswiri atatu aja sanalekere pa dzina la kampani lokha. Anazimitsanso mauthenga a pa Google okhudza mawu wamba a katundu, monga mafoni ndi nsapato, m'zigawo pafupifupi 30 pa 100 zilizonse za America kwa masiku 60, n'kuyerekeza malonda a kumeneko ndi a zigawo zimene mauthenga anapitirira. Masamu achizolowezi ankasonyeza phindu la maperesenti oposa 1,000. Kuyesa kwenikweniku kunasonyeza kuti eBay inkaluza pafupifupi masenti 63 pa dola iliyonse. Chifukwa chake chinali chakuti odina ambiri anali ogula akale amene ankaidziwa kale njira. Pa anthu atsopano ndi ogula mwa apo ndi apo, mauthengawo ankagwiradi ntchito, kungoti anthu oterewa anali ochepa. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015 m'magazini ya akatswiri a zachuma yotchedwa Econometrica.

Mfundo ya anthu atsopanoyi ndi imene wabizinesi yaing'ono ayenera kuigwira, chifukwa iye si eBay. Kwa iye pafupifupi aliyense ndi watsopano, ndipo dzina lake silituluka pamwamba pa mayankho aulere. Kuyesa kofanana ndi koyamba kuja kutachitika pa Edmunds, tsamba la ku America lofotokoza za magalimoto limene silitchuka ngati eBay, anthu oposa theka la amene ankabwera kudzera pa mauthenga olipira anasowa mauthengawo atazima. Komanso kampani ikasiya kulipira dzina lake, opikisana nayo akhoza kuligula n'kukhala pamwamba pake. Choncho yankho la kampani ina silingakopedwe. Njira yoyesera ndi imene ingakopedwe, ndipo sifuna digiri. Mwini sitolo akhoza kutsatsa m'tauni imodzi n'kusiya ina kwa mwezi, kapena kuzimitsa njira imodzi kwa milungu ingapo, kenako n'kuyang'ana m'buku la malonda, osati pa lipoti la Google kapena la Meta. Kufunsa kasitomala aliyense watsopano kuti "mwatidziwa bwanji?" n'kulemba yankho lake kumathandizanso kwambiri kuposa kuwerenga malaiki, amene sagula kanthu.

Malire a njira ziwirizi ayambanso kusokonekera. Mu Julayi 2022 Prabhakar Raghavan, mmodzi wa akuluakulu a Google, anavomera pa msonkhano wina kuti kafukufuku wawo ku America anapeza kuti pafupifupi 40 mwa achinyamata 100 alionse akafuna malo odyera nkhomaliro amapita pa TikTok kapena Instagram, osati pa Google. TikTok tsopano imagulitsa malo pa mayankho a ofufuza, Google nayo ili ndi YouTube kumene munthu amakumana ndi malonda asanafunse. Dzina la kampani silikunenanso zonse. Chofunika kuyang'ana n'chakuti munthu woona uthengawo anali kufufuza kapena anali kungodutsa.

Ku Malawi kuwerengera kumeneku kumasintha pa zifukwa zakezake. Anthu ambiri olowa pa intaneti amalowera pa foni, ndipo Airtel ndi TNM amagulitsa mabandulo a WhatsApp ndi Facebook otsika mtengo kuposa bandulo ya intaneti yonse. Munthu wa bandulo yotere akadina pa uthenga umene ukumutengera ku tsamba lina kunja kwa Facebook, tsambalo mwina silitseguka n'komwe, koma kudinako kwawerengedwa. N'chifukwa chake telala wa ku Ndirande kapena wophika makeke ku Area 25 amapindula kwambiri ndi uthenga umene munthu akadina umatsegula macheza a WhatsApp pomwepo. Mtengo amakambirana mmenemo, ndalama imadutsa pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu n'kukwera njinga yamoto. Webusaiti sifunika n'komwe. Pa Facebook uthenga ukhoza kulembedwa m'Chichewa cha pamsika, pamene ofufuza pa Google kuno amakonda kulemba m'Chingerezi, ndipo pa zinthu zambiri za tsiku ndi tsiku safufuza n'komwe, amangofunsa pa gulu la WhatsApp la tchalitchi kapena la kuntchito.

Kuchepa kwa ofufuza sikutanthauza kuti Google ilibe ntchito kuno. Ofufuzawo ndi ochepa, koma nthawi zambiri ndi amene ali ndi ndalama m'manja: bungwe lofuna holo yochitira msonkhano, kampani yofuna wokonza jenereta, Mmalawi wa ku Johannesburg kapena ku Leicester wofuna womanga nyumba kumudzi. Mwini malo ogona alendo ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay kapena pafupi ndi Liwonde National Park makasitomala ake ambiri amayamba ulendo ndi kufufuza ali kwawo ku Ulaya. Vuto lake n'lakuti pa okushoni imeneyo amakumana ndi zimphona. Booking Holdings, mwini wa Booking.com, inagwiritsa ntchito madola oposa 6 biliyoni potsatsa malonda mu 2023, ndipo gawo lalikulu linapita ku makina ofufuzira. Kulimbana nayo pa mawu otakata ngati mahotela a ku Malawi n'kungowotcha ndalama. Mpata uli pa mawu aatali ndi olunjika, otchula dera, mtundu wa chipinda kapena zochita monga kupalasa bwato, kumene ofufuza ndi ochepa koma atsala pang'ono kulipira. Wochenjera amauzanso Google mawu amene sakufuna kuti uthenga wake utulukirepo. Akapanda kutero, achinyamata ofufuza ntchito m'mahotela amadina mmodzimmodzi mpaka ndalama ya tsikulo kutha mlendo asanaone kanthu. Ndipo asanalipire khobidi lililonse, pali chaulere chimene ambiri amachinyalanyaza: kulembetsa bizinesi pa Google Maps ndi nambala ya foni yolondola, maola otsegulira ndi zithunzi.

Batani la Boost pa Facebook ndi limene amalonda ambiri amayambira, chifukwa ndi losavuta ndipo limalola ndalama yochepa pa tsiku. Choipa chake n'chakuti munthu akangolidina osasankha bwino cholinga, Facebook imafunafuna anthu okonda kulaika ndi kuthira ndemanga, ndipo anthu oterewa imawapezadi ambirimbiri. Wogulitsa masofa ku Mzuzu akhoza kusangalala ndi malaiki ochokera ku Nsanje, kumene sofa yake sidzafikako.

Kenako pali nkhani ya ndalama zakunja. Mauthengawa salipiridwa m'makwacha, kawirikawiri amalipiridwa m'madola kudzera pa khadi la Visa kapena Mastercard, ndipo madola akasowa m'dziko mabanki amachepetsa zimene khadi lingalipire kunja. Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pafupifupi pa K1,700. Amene ankaika madola asanu pa tsiku anagona akulipira K5,900 n'kudzuka akulipira K8,500 pa anthu omwewo ndi kudina komweko. Mwini loji amene alendo ake amalipira m'madola sanamve kupweteka kwenikweni. Telala amene amalandira makwacha anayenera kusoka madiresi ochulukirapo kuti abweze mtengo wa uthenga umodzimodziwo, ndipo amene khadi lawo linakanidwa anayamba kulipira kudzera kwa achibale a ku South Africa kapena kwa anthu ochita bizinesi yolipirira anzawo, amene nawonso amaikapo yawo pamwamba.